Belu la Padoko

Pa Nyamitete panalibe munthu wosadziwa kuti Sebastiano amadana ndi sitima ya pamtunda. Ankalengeza yekha m'mawa uliwonse asanalize belu lotsegulira msika wa padoko. "Phazi langa ili silidzaponda pa siteshoni," ankatero, akuloza phazilo kuti anthu asalisokoneze ndi linzake. "Ndipo belu ili silichoka mumtengo muno ine ndili moyo." Tsono Lachitatu masana belulo litasowa, Sajeni Andrea sanavutike ndi kuganiza. Anangopita kukatenga munthu amene anali atadzimanga kale ndi pakamwa pake.

Belulo linali la sitima ya pamadzi imene inatitimira mumchenga wa Shire zaka khumi m'mbuyomo, n'kukhala pomwepo mpaka dzimbiri linaidya. Masiku amenewo Nyamitete inali tauni yoti munthu ankavalira nsalu yatsopano popitako. Sitima zinkaima ziwiriziwiri, amtengatenga ankapondana padoko, ndipo ukayenda kuchokera ku nyumba ya kasitomu kukafika ku sitolo yomaliza unkamva Chimang'anja, Chisena, Chipwitikizi ndi zilankhulo zina zodziwa eni ake. Kenaka madzi anayamba kuchepa chaka ndi chaka. Sitima zinayamba kubwerera pa Nsanje, ndipo njanji inadutsa kumtunda, mailo awiri kuchokera kumtsinje, osacheuka n'komwe. Eni masitolo anazula malata awo n'kukawakhoma pafupi ndi njanjiyo. Kumeneko kunamangidwa nyumba ya makina ochotsa njere za thonje, kenaka siteshoni ya njerwa zofiira, ndipo m'chaka cha 1911 kunabwera kalata ya boma yoti msika nawo usamuke pamodzi ndi belu lake, Lachinayi masana asanadutse.

Lachitatu ndilo tsiku limene sitima inaima koyamba pa siteshoniyo, ili pa ulendo wa ku Chiromo. Tauni yonse inakhamukira kumeneko, ngakhale oyendera ndodo. Pobwerera anapeza nthambi ya bwemba ili yokhayokha.

Amene nkhaniyi inamukhala pamtima anali Jesinta, mlamu wake wa Sebastiano. Mayi ameneyu anachapira anthu a pa sitima za pamadzi zaka khumi ndi zisanu, ndipo sitimazo zitasiya kubwera anayamba kuchapira eni masitolo ndi kalaliki wa pa siteshoni. Mng'ono wake, mkazi wa Sebastiano, pomwalira sanamusiyire mbuzi kapena munda. Anamusiyira mwamuna wamakani woti azimuchapira malaya ndi kumukalipira, ndipo Jesinta ankagwira ntchito zonse ziwirizo mokhulupirika. Ankamukonda mlamu wakeyo, ngakhale sakanavomera zimenezi pamaso pa anthu.

Lachinayi m'mawa anafika ku nyumba yakale ya kasitomu, kumene anamutsekera Sebastiano, atapinda malaya ochapa pamkono. Sajeni Andrea anali pakhonde akudzipepeza ndi chipewa. Anali munthu wa kumapiri, ndipo kutentha kwa kuchigwa ankakutenga ngati mlandu umene anthu a kumeneko amupalamulira dala.

"Mwadzuka bwanji, a Sajeni? Ndabwera ndi malaya a mkaidi wanu. Kapena boma limafuna kuti munthu akaweruzidwe akununkha thukuta?"

"Lowani, mayi, koma nkhani yatha," anatero Sajeni. "Akwera sitima ya masana ano kupita ku boma ku Nsanje. Kuba katundu wa boma ndi miyezi isanu ndi umodzi, akuphwanya miyala."

"Mwamupeza nalo belulo?"

"Sitinamupeze nalo. Koma choyamba, ananena yekha. Chachiwiri, anthu onse anali ku siteshoni, iye yekha ayi. Chachitatu, chingwe sichinadulidwe. Mbala imadula n'kuthawa. Uyu anamasula bwinobwino, munthu wokonda belu lake." Sajeni anavala chipewa, n'kuchivulanso. "Kukutentha, mayi. Musanditalikitsire nkhani."

M'katimo Sebastiano anali atakhala pa bokosi lopanda kanthu, chibwano chili m'mwamba ngati nyumbayo ndi yake.

"Alamu, munali kuti dzulo masana?"

"Ndinali kumene ndinali."

"Miyezi isanu ndi umodzi, alamu. Msana wanuwo umalira mukangowerama kutola nkhuni. Miyala mukaitha?"

"Nkhabe kuyankha," anatero Sebastiano, amene Chisena chinkamubwerera akapanikizika.

"Vulani tsono, musinthe."

Jesinta analandira malaya akudawo, ndipo monga mwa chizolowezi chake anawatambasula cha pawindo kuti aone ntchito imene ikumudikira. Dzuwa linalowa pa timabowo tambirimbiri, pamapewa ndi pamsana, tating'ono ngati mapira, m'mbali mwake muli mofiirira. Timabowo totere ankatidziwa bwino. Anatisoka kwa zaka zambiri pa malaya a anthu amene ankaima pafupi ndi chumuni cha sitima nkhuni zikamayaka. Koma padoko la Nyamitete panali patatha zaka zitatu osafuka utsi wa sitima, ndipo malayawo anawasita yekha Lachiwiri ali athunthu.

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Alamu. Timakala tamoto iti tinakugwerani kuti?"

Sebastiano anayang'ana kukhomo, anayang'ana kudenga, kenaka chibwano chija chinatsika.

"Musakweze mawu," ananong'ona. "Kuseri kwa siteshoni, pamene njanji imakhota, pali chulu chobisika m'tsekera. Ndinagona chafufumimba pamenepo. Ndinangofuna kuona ngati ilidi yonyansa monga ndimanenera."

"Ndiye munaipeza bwanji?"

"Ndi yonyansa," anatero Sebastiano msangamsanga. Kenaka maso ake anawala ngati a mwana. "Koma imathamanga, alamu. Imathamanga!"

Jesinta anafuna kuseka ndi kumumenya nthawi imodzi. "Basi mwapulumuka. Tiwaonetse a Sajeni malayawa."

"Mukangoyerekeza, ine ndikana! Ndinena kuti ndinapsa ndikuwotcha makala. Zaka zinayi ndakhala ndikuitukwana pamaso pa msika wonse. Mukufuna ana azindiimbira nyimbo mumsewu? Bola miyala."

Ndipo ankanenadi zoona, chifukwa amuna ena amaopa kusekedwa kuposa ndende. Jesinta anapinda malayawo n'kutuluka, mtima ukumupweteka. Umboni anali nawo m'manja, koma mwini wake anali wokonzeka kuukana. Njira inatsala imodzi yokha, yopeza belulo sitima isanabwere, ndipo dzuwa linali litakwera kale pamwamba pa migwalangwa.

* * *

Pansi pa bwemba panali piringupiringu. Amayi ankamanga madengu, amuna ankazula nsichi za timisasa, aliyense akudandaula za kusamuka koma akufulumira kuti mnzake asakamulande malo abwino. Veronika, wogulitsa nsomba zouma za makakana, anali atakhala pa dengu lake. Iyeyu ndiye anali woyamba kuona kuti belu palibe, ndipo anali atafotokoza kale nkhaniyo kwa aliyense, ena kawiri.

"Shamwali, bwera umve!" anafuula ataona Jesinta. "Ine ndinabwerera msanga, nsomba zanga ndinazisiya ndi agalu a pano, ukuwadziwa. Ndikufika chonchi, ndikuti ninji? Mtengo uli maliseche! Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndipo kuja ku siteshoni, wamva kuti kulibe mthunzi ngakhale wa nkhuku? Atiika pa dzuwa ngati ndife nsombazo. Koma akuti anthu a m'sitima amagula osanenerera, tsono kaya, mwina pyadidi, zitikomera."

"Chingwe chili kuti?"

"Icho, a Sajeni anati chisakhudzidwe."

Chingwecho chinali chitakolekedwa pa chitsa cha nthambi. Jesinta anachiyang'ana nthawi yaitali. Sichinangomasulidwa chabe. Chinali chokulungidwa bwinobwino ngati nkhata, mizere yofanana, nsonga yake itapisidwa m'kati kuti chisamasuke. Anakumbukira zingwe zimene ankadumpha ponyamula zochapa pa sitima. Anthu a pamadzi sankadula chingwe ngakhale zitavuta bwanji, chifukwa chingwe ndicho chinkasunga moyo wawo, ndipo sankachisiya chili mbwee. Woyendetsa sitima akapeza chingwe chosakulunga, wina ankagona ndi njala. Manja oterowo amakulunga okha, mwini wake akuganiza zina.

"Veronika, mbuzi za alamu anga zimagona kuti?"

"M'dimba mwanga! Tsiku lililonse zimamasuka. Munthu uja sadziwa kumanga ngakhale mtolo wa nkhuni, ndipo m'bwato sakwera, amati madzi amamuzunguza mutu."

"Nanga belu lija analimanga mumtengomu ndani?"

Veronika anaika chala pachibwano, ndipo kwa kanthawi kochepa msika unapuma. "Anyamata a pa sitima yotitimira ija. Anali atatu. Mmodzi anamwalira chaka cha nthomba. Wina ali ku Nsanje, akadali pamadzi. Wachitatu ndi mng'ono wake wa ameneyo, Paison, uja ali ku makina a thonje. Ndiye anakwera mumtengo. Mfundo yake ana akhala akuilimbana zaka zonsezi, osaimasula."

"Palibe china unaona pansi pano?"

"Nkhabe. Kungoti ndinatola thonje, ndati ndipotere chingwe cha nyali." Anapisa dzanja m'chilundu n'kutulutsa kampukutu koyera. "Wina anagwetsa. Usandiuze kuti nalonso ndi la boma."

Jesinta analifinya ndi zala. Linali lofewa lokhalokha. Thonje lochokera kumunda limakhala ndi njere, ndipo m'tauni yonse malo amene munthu akanapeza thonje lopanda njere anali amodzi. Tsopano anamvetsa chifukwa chake belu lolemera chotero linatsika mumtengo n'kuyenda osalira ngakhale kamodzi. Wina analitseka pakamwa.

"Koma ngati ukuganizira Paison, usiye," anatero Veronika. "Ndinamuona ndi maso angawa akulowera ku siteshoni, atasenza thumba la thonje."

"Sitima isanafike?"

"Ayi, ine ndikubwerera. Tinakumana panjira, sitima itapita kale. Ndinamuseka kuti wachedwa, wamanidwa zoona anzake. Sanandiyankhe n'komwe, thukuta lili kamukamu."

"Thukuta, chifukwa cha thumba la thonje?"

Veronika anaomba m'manja kamodzi, koma Jesinta anali atauyamba kale ulendo wa ku siteshoni.

* * *

Mailo awiri a ku siteshoni Jesinta anawayenda ngati mtsikana. Anadutsa mabwinja a masitolo akale, mmene mbuzi zinali zitagona pa masitepe, n'kulowa mumsewu watsopano wowongoka ngati wojambula ndi chingwe. Kumeneko zonse zinkanunkha laimu ndi matabwa aawisi. Amisiri ankakhoma malata, telala wina anali atatulutsa kale makina ake pakhonde, ndipo zikhomo zoyera zinkasonyeza pamene aliyense wa mumsika adzakhale. Jesinta sanafune kuvomera, koma malowo anali ndi moyo umene padoko unatha kalekale.

Leonard, kalaliki wa pa siteshoni, anali ataima pakhomo la ofesi yake, pensulo ili kukhutu. Anaphunzira ku mishoni, ndipo ankalankhula ngati akuwerenga kalata.

"Mayi, malinga ndi lamulo, anthu osakwera sitima saloledwa kupitirira mzere uwu."

"Malinga ndi lamulo, kolala imene mwavalayo ndinaiumitsa ndine, a Leonard. Mukufuna sabata yamawa ikhale yofewa ngati khutu la mbuzi?"

Leonard anagwira kolala yake. "Mungathe kupitirira pang'ono."

"Matumba a thonje awa akupita kuti?"

"Ku Nsanje, ndi sitima ya masana ano. Onse anafika dzulo m'mawa pa ngolo, monga mwa dongosolo." Anatsokomola. "Kupatula limodzi, limene linafika mochedwa, pamutu pa munthu. Ndinamudzudzula. Anapempha kuti likhale pansi pa enawo, ndiponso kuti likalandiridwe ndi mkulu wake padoko la ku Nsanje. Zimenezi si zachilendo kwenikweni, ngakhale sizili m'buku."

Jesinta anazungulira mulu wa matumbawo. Onse anali osokedwa pakamwa mwachisawawa, monga amasokera anthu amene akudziwa kuti thumba si lawo. Koma la pansi pakona linali ndi msoko wina, waufupi, wothithikana, wopendekera mbali imodzi. Ndi mmene ankasokera matenti a pa sitima kuti mvula isalowe. Analikankha ndi phazi. Thumba la thonje limagonja ukalikankha, koma ili linangoti nji, ndipo chala chake chinamva kuwawa.

"Musalikhudze, mayi," anatero munthu wina kumbuyo kwake.

* * *

Paison anali mwamuna wa mapewa aakulu, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi la thonje. Jesinta anamudziwa ali mnyamata wokoka zingwe, wokhala ndi malaya amodzi okha amene ankadikira kuti aume ali chilili m'mphepete mwa mtsinje. Anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi kumene Leonard sakanamva.

"Iwe Paison, unabadwa liti kuti uzindiuza zoti ndisakhudze? Kuba wasankha kuyamba ndi imvi za thonje kumutu? Ndipo mbala yanji yokulunga chingwe ikamaliza?"

Paison anayang'ana manja ake ngati amupereka. "Ndinakulunga?"

"Bwinobwino. Woyendetsa sitima akanakupatsa nyama."

Mwamunayo anakhala pansi, msana utatsamira mwendo wa thanki. Sanayesere kukana. "Mwaona chimene alikonzera?" anafunsa, akuloza kumapeto kwa siteshoni, kumene kunali chidutswa cha njanji chozikidwa pansi, waya akulendewera. "Alimanga ndi waya, mayi. Lilime lake akuti alichotsa, azilimenya ndi chitsulo ngati akuitana anthu ku phala. Belu lija ndinalipukuta zaka zisanu ndi phulusa ndi mandimu. Likalira pamene mtsinje umakhota, amayi anga ankadziwa kuti ndafika, ankayamba kusinja. Tsopano sitima inafa, doko lafa, ine ndimakhalira kumeza fumbi m'nyumba yopanda mphepo. Ndinati chimodzi chokha chibwerere pamadzi. Akulu anga akanalimanga pa bwato lawo la katundu."

Jesinta anamumvera chisoni, chifukwa nayenso nthawi zina ankadzidzimuka m'mawa akuganiza kuti wamva sitima ikulira kumtsinje. Koma chisoni anachiika pambali.

"Nanga alamu anga?"

"Awafunsa mafunso n'kuwamasula. Alibe belu, awasunga bwanji? Ndinati sitima ikangochoka ndikawapepese ndi nkhuku."

"Nkhukuyo ukawaperekera ku Nsanje. Akukwera sitima yomweyi, chingwe chili m'chiuno. Miyezi isanu ndi umodzi akuphwanya miyala, munthu wa zaka zija. Belu lako likamalira pamadzi, iwo azilimvera kundende."

Nkhope ya Paison inagwa. "Sindinadziwe. Ndikulumbira, mayi, sindinadziwe."

"Tsopano wadziwa."

Patali, cha kumpoto, kunamveka kulira kwa sitima. Ndipo kumsewu watsopano kunatulukira Sajeni Andrea atagwira chingwe, Sebastiano ali patsogolo pake, ndipo kumbuyo kwawo msika wonse wa padoko ukubwera ndi madengu pamutu, nsichi pamapewa, nkhuku zikulira m'zitete. Paison anaimirira n'kupukuta manja pa kabudula.

"Ndikanena ndekha," anatero. "Amange ine."

"Ukanena zimene ndikufunse, osawonjezera," anatero Jesinta. "Ndatopa ndi amuna ofuna kupita kundende. Kanyamule thumba lako."

* * *

Sitima inalowa ikufuka, ana n'kubalalika, amayi akugwira madengu ndi manja awiri. Sajeni anali akukokera mkaidi wake ku bogi yakumbuyo pamene Jesinta anaima patsogolo pake.

"A Sajeni, dikirani pang'ono. Mlandu wa munthuyu ndi wotani?"

"Mayi, kukutentha. Wakuba belu."

"Belu liti?"

Paison anatula thumba lija pakati pa anthu. Anasolola ulusi wa msoko wake mosamala, osaudula, n'kuyamba kutulutsa thonje. Mkuwa unang'anima padzuwa. Atachotsa thonje lomaliza m'kamwa mwake, belulo linalira kamodzi, pang'ono chabe, ndipo msika wonse unati "Aaa!" Veronika anayamba kufotokozera oyandikana naye kuti iye ankadziwa kuyambira dzulo.

Sajeni anayang'ana belu, n'kuyang'ana Paison. "Ndiye mbala ndi iwe."

"Tisafulumire," anatero Jesinta. "A Leonard, inu ndinu odziwa zolemba. Kalata ya boma ija inati chiyani?"

Leonard anatuluka m'gulu, atakondwa kuti pomaliza wina wafunsa munthu woyenera. Sanafunikire kuitenga kalatayo. "Inati msika wa padoko usamukire ku siteshoni pamodzi ndi belu lake, Lachinayi masana asanadutse."

"Lero ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Belu lili kuti?"

"Pa siteshoni." Leonard anaganiza pang'ono. "Kunena zoona, lakhala pa siteshoni kuyambira dzulo. Linafika msika usanafike."

"Paison, unalitsitsa mumtengo ndiwe?"

"Ndine."

"Unadula chingwe cha boma?"

"Ayi."

"Unalibweretsa kuti?"

"Kuno."

"Lasweka? Lakandika?"

"Ndinalikulunga m'thonje."

Jesinta anatembenukira kwa Sajeni. "Ine ndine wochapa chabe, a Sajeni, malamulo sindiwadziwa. Koma mukafika ku Nsanje mukawauza chiyani azungu a ku boma? Kuti mwamanga munthu chifukwa belu limene anati lipite ku siteshoni lapezeka ku siteshoni?"

Anthu anayamba kuseka. Sajeni Andrea sanali wopusa. Anaona bwinobwino kuti thumba lija silinasokedwe kuti litsegulidwe pa Nyamitete, ndipo anamuyang'ana Paison nthawi yaitali mpaka mwamunayo anaweramitsa mutu. Koma anaganizanso za ulendo wa ku Nsanje m'bogi yotentha ngati uvuni, ndi za kufotokoza nkhani yonseyi kwa mzungu amene sakonda nkhani zazitali.

"Iwe," anatero kwa Paison, "tsiku lina ukafuna kuthandiza boma, uziyamba wauza boma. Ulimange wekha pamene akuuze a kalaliki, lero lomwe."

"Ndi chingwe, bwana, osati waya," anatero Paison mwakachetechete. "Ndipo lilime lake likhale."

Leonard anati nkhani ya waya sinalembedwe paliponse, choncho chingwe chikhoza kuloledwa. Paison anagwada n'kuyamba kupukuta belulo ndi thonje lomwe lija. Silinabwerere pamadzi, ndipo ankadziwa kuti silidzabwereranso. Misozi inatsika n'kusiya mizere iwiri m'fumbi la kumaso kwake, koma manja sanaleke kupukuta.

Sajeni anamasula chingwe m'chiuno mwa Sebastiano. "Pitani kwanu, bambo. Ndipo pakamwa panupo muzipasamala."

M'mawa wonse Jesinta anali atayenda ndi mantha osawauza munthu, akuona m'maganizo mlamu wake atagwada pa mulu wa miyala, ndipo tsopano mantha aja anamuchoka nthawi imodzi mpaka anafuna pokhala. Anayembekeza kuti Sebastiano anena takhuta, zikomo wa Chisena, kapena ayamba kutukwana siteshoni monga mwa masiku onse.

Koma Sebastiano sanali kuyang'ana iye. Anali kuyang'ana bogi imene anatsala pang'ono kulowamo, khomo lake lili chitsegukire, mabenchi a matabwa akuoneka m'kati. Woyang'anira sitima anaimba wezulo. Mabogi anagundana, mawilo n'kuyamba kuzungulira.

"A Sajeni," anatero Sebastiano ndi mawu aang'ono, koma pa nthawi yoipa, pamene anthu onse anali chete. "Ndiye kuti sindikweranso?"

Msika wonse unamva. Veronika ndiye anayamba, kenaka chikhakhali chinagwira siteshoni yonse, amayi akutula madengu kuti aseke bwino, ngakhale Leonard anabisa pakamwa ndi dzanja. Sebastiano anazindikira chimene wanena. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, koma panalibe, ndipo anangoima pomwepo manyazi atamugwira, sitima ikumudutsa.

Jesinta anapita kukaima pambali pake n'kumukonza kolala ya malaya, ngakhale inali bwinobwino.

"Mudzakwera, alamu," anatero. "Koma mudzakwera ngati munthu, m'chiuno mulibe chingwe, ndipo mudzabwerera kwanu. Ndidzakuperekezani ndine."

Sebastiano anaiperekeza sitimayo ndi maso mpaka bogi yomaliza inakhota kuseri kwa tsekera. Kenaka anaweramira kwa mlamu wake.

"Tsiku limenelo," ananong'ona, "ine ndidzakhale cha pawindo."